Mapu Amene Anapezeka ku Matero

Matero, Lusaka
12 Januwale 1959

Achimwene Hosea,

Moni kwa inu, kwa alamu a Magdalene ndi ana onse kumeneko ku Chiradzulu. Kaya mukudzuka bwanji masiku ano? Ife kuno tili moyo. Mkazi wanga Sophia ali bwino, Christine walowa Sitandade 4, ndipo Nason mano ake akutsogolo aja amera. Ine ndikadali pa lole yomwe ija ya kampani yomanga nyumba, kututa mchenga ndi njerwa.

Papita nthawi osalemba, ndipo lero ndabwera ndi pempho. Inu ndinu mphunzitsi. Mundilembere za dziko lathu la Nyasalande, lonse lathunthu, monga mmene mumaphunzitsira ana a Sitandade 5: mapiri, mitsinje, misewu, mitundu ya anthu ndi kumene amakhala, ndiponso mmene boma likuyendera tsopano. Mujambule ndi mapu omwe. Zilembo zikhale zikuluzikulu.

Musaseke. Ndinachoka kwathu mu 1941 ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Chimene ndikudziwa ndi phiri lathu, msika wa ku Limbe ndi fumbi la msewu umene ndinadzera. Kuno aliyense amanditchula Munyasa, koma akandifunsa kuti kwanuko n'kotani ndimangoti kuli nyanja, pamene nyanjayo sindinaioneko. Sophia ndi Mnsenga wa ku Petauke. Zimene amamva za kwathu ndi za kumsika, zakuti kuli njala ndipo amuna onse anathawako.

Chifukwa chenicheni ndidzakuuzani m'tsogolo. Yankho mutumize ku bokosi la kuntchito, osati kunyumba. Mundiuzenso za chimanga, ngati mvula yakukomerani.

Ndine mng'ono wanu,
Dixon Chimbalanga


Chiradzulu, Nyasalande
1 Febuluwale 1959

Mng'ono wanga Dixon,

Kalata yako ndailandira ndipo takondwa kumva kuti muli moyo. Ife tili bwino, kupatula Magdalene amene mwendo ukumuvuta. Chimanga chamasula. Ndadabwa ndi kalembedwe kako. Kale unkalemba tizilembo tating'ono, lero mawu asanu akudzaza mzere wonse.

Wapempha phunziro, ndiye khala pansi.

Dziko lathu ndi laling'ono, lalitali ndi lopyapyala ngati chinangwa chokulira pakati pa miyala. Kuchokera kumpoto kufika kummwera ndi mamailosi opitirira mazana asanu, koma m'mimba mwake pali malo ena amene munthu wa njinga angadutse masiku awiri. Northern Rhodesia yanuyo ingatimeze kasanu ndi kamodzi, komabe chiwerengero cha anthu tikufanana, pafupifupi mamiliyoni atatu. N'chifukwa chake minda ikuchepa, ndipo amuna ngati iwe ali mbwee ku Joni, ku Wankie ndi ku migodi ya kopa. Kumpoto tachita malire ndi Tanganyika, kumadzulo ndi inu, ndipo Apwitikizi atizinga kum'mawa ndi kummwera konse.

Nyanja yatenga mbali ya kum'mawa. Madzi ake amatulukira mumtsinje umodzi wokha, Shire, umene umatsikira ku chigwa chotentha cha thonje n'kukathira mu Zambezi. Phiri lalikulu ndi Mulanje, limene unkaliona uli pakhomo pa amayi mvula ikakata. Kutsinde kwake ndi ku Thyolo kuli minda ya tiyi ya azungu. Pakati pa dziko ndi chidikha cha fodya ndi mtedza, cha ku Lilongwe, Dowa ndi Kasungu. Kumpoto kuli mapiri ozizira a Viphya ndi Nyika, ndipo ku Karonga amalima mpunga.

Anthu tili mitundu yambiri m'kadziko kamodzi. Ku Karonga kuli Ankhonde ndi ng'ombe zawo. Kenaka Atumbuka, ndi Atonga a ku Nkhata Bay amene anayamba sukulu ife tikadali m'tulo. Angoni ali ku Mzimba, ku Dedza ndi ku Ntcheu. Achewa adzaza chigawo chapakati. Ayao ali kummwera kwa nyanja mpaka kuno kwathu, ambiri ndi Asilamu. Amang'anja ndi Asena ali kuchigwa. Alomwe ndi ife. Bambo athu anawoloka malire kuthawa Apwitikizi ali ndi khasu limodzi, nakwatira amayi, Mmang'anja. Amwenye ali ndi masitolo, azungu ali ndi minda ndi maofesi. Umuuze mlamu kuti mitundu yonseyi imakwatirana ndi kuikana maliro, ndipo Mnsenga sangasowe womumva.

Za boma. Likulu lili ku Zomba, kumene kumakhala Bwanamkubwa wotumidwa ndi Mangalande. Dziko lagawidwa zigawo zitatu, ndipo chigawo chilichonse chili ndi maboma ake. Pa boma lililonse pali bwana DC, apolisi ndi ndende, ndipo pansi pa DC pali mafumu amene amaweruza milandu ing'onoing'ono. Ku nyumba ya malamulo ku Zomba anthu akuda alipo asanu okha. Pamwamba pa zonsezi, kuyambira 1953, pali Chitaganya chimene chatimanga mtolo umodzi ndi inu ndi Southern Rhodesia. Zipatala, positi ndi asilikali zikulamulidwa ku Salisbury. Sindinakumane ndi munthu wakuda amene anachipempha.

Pa mapu ndaika mtanda pa boma lililonse. Timizere tiwiri ndi mlatho. Mzere wa madontho ndi njanji yochokera ku Beira kudzera ku Limbe mpaka ku Salima. Msewu wako, ukadzafuna kubwera, ndauchindikiza: Fort Jameson, Fort Manning, Lilongwe, Dedza, Ntcheu, kuwoloka Shire, Blantyre.

Tsopano ndikufunse monga mkulu wako. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu sunafunsepo za mtsinje ngakhale umodzi. Lero ukufuna misewu ndi maboma, ndipo ukubisira mkazi wako. Kuno kwatentha. Misonkhano ikuchitika m'tchire, ndipo magalimoto a azungu agendedwa ku Blantyre. Ngati walowa za ndale kumeneko, undiuze poyera.

Ndine mkulu wako,
Hosea


Chiradzulu
9 Malichi 1959

Dixon,

Moni. Tili moyo. Sunandiyankhe, ndipo sindikudziwa ngati kalata ija inafika.

Lachiwiri lapitali boma lalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Asilikali abwera pa ndege kuchokera ku Southern Rhodesia. Anthu mazanamazana atengedwa, ena atavala zogonera. Kumpoto akuti anthu awomberedwa, chiwerengero aliyense akunena chake. Pasukulu pathu atenga aphunzitsi awiri. Mmodzi anamupeza ndi kapepala ka mayina a anyamata a mpira, iwo n'kunena kuti ndi mayina a chipani. Pa msewu wa ku Limbe pali zotchinga zitatu, ndipo akuvula anthu nsapato kufuna makalata.

Dzulo m'tchalitchi ndinakumbukira zimene ndinakujambulira, nyimbo inandithawa pakamwa. Maboma, milatho, njanji, ndi mawu aja ndinanena za Chitaganya. Kalata imeneyo uiotche pamodzi ndi mapu lero lomwe. Usaisunge m'Baibulo, usaipatse mwana. Ukaotcha undilembere mawu awiri okha, akuti chimanga chapsa, ndidzamva.

Hosea


Matero, Lusaka
16 Malichi 1959

Ba mulamu ba Hosea,

Moni kwa inu ndi a m'nyumba. Ndine Sophia, mkazi wa mng'ono wanu. Sitinaonanepo. Mundikhululukire kalembedwe, ine sukulu ndinalekera Sitandade 2 ndipo Chinyanja changa ndi cha m'komboni.

Ba Dixon anatengedwa Lachinayi m'mawa. Ndinali kusesa panja pamene galimoto ya boma inaima kumutu kwa mzere wathu. Anatsika mzungu mmodzi ndi anthu akuda atatu, ali ndi pepala la manambala a nyumba. Sanalowe paliponse, anasankha nyumba za Anyasa chabe. Kwathu anagwetsa vinthu vonse, matiresi, ufa, mabuku a Christine. M'bokosi la malata, pansi pa jekete la kutchalitchi, anapeza envulopu imene ine sindinaionepo. Mzungu anatulutsamo kalata ndi mapu, n'kuwatambasula patebulo.

Mmodzi wa akuda aja anafunsa, "Mitanda iyi ni ya chani?"

Ba Dixon anati, "Ndi maboma, bwana. Achimwene anga ndi mphunzitsi."

"Nanga milatho? Iwe ntchito yako ni chani?"

"Ndimayendetsa lole."

Atamva za lole anayang'anana. Sanafunsenso. Anawatulutsa ba Dixon nsapato imodzi isanamangidwe chingwe. Nason anathamangira galimoto mpaka pa mpopi wa madzi, ndinachita kukamunyamula.

Loweruka ba Benard, anzawo a kuntchito, anandibweretsera kalata yanu ina imene inafika ku bokosi la kampani. Inali yotsegulidwa kale ndi kumatidwanso. Ndaiwerenga katatu. Mukuti aotche mapu. Tiotche chani manje, mapu ali m'manja mwa boma?

Ba mulamu, mundiyankhe. Ngati pepala lija linalibe mlandu, bwanji mukuti liotchedwe? Mawu akuti chimanga chapsa ndi mawu a chani? Amene anatsegula kalatayo awerenganso vimenevo. Ine ndakhala ndi ba Dixon zaka khumi ndi ziwiri. Sapita ku misonkhano, kadi ya chipani alibe, Lamulungu amaimba kwaya. Kapena ndinali kugona ndi munthu amene sindimudziwa? Kapena ndinu munawalowetsa m'vinthu ivi muli kutali, ife tili pafupi ndi moto?

Sindidziwa kumene awasunga. Anthu a mzere wathu aleka kundipatsa moni. Mundilembere msanga.

Ine mulamu wanu,
Sophia


Kalingalinga, Lusaka
20 Epulo 1959

Ba Hosea,

Moni. Masabata asanu apita, yankho lanu kulibe. Kapena mwamwalira, kapena mwatitaya.

Muone keyala yasintha. Nyumba ya ku Matero ndi ya kanselo, ndipo amapatsa munthu amene ali pa ntchito. Kampani italemba kuti ba Dixon salinso awo, anatipatsa masiku asanu ndi awiri. Manje tili ku Kalingalinga, m'chipinda chimodzi cha dothi kwa ba Anna a kutchalitchi kwathu. Denga ndi migolo yophwanya. Madzi titunga pachitsime cha m'dzenje la miyala. Christine waleka sukulu chifukwa Matero ili kutali.

Apolisi anandiitana ku ofesi yawo kawiri. Ulendo wachiwiri anandifunsa, "Mwamuna wako ni mtundu wanji?" Ndinati ndi Munyasa. Munthu uja anaseka, anati, "Munyasa si mtundu. Ni Mutonga, Muyao, Mungoni?" Ndinati sindidziwa. Anati ndikubisa. Anandiwerengera mayina a malo, Dedza, Ntcheu, Salima, kuti ndikambe amene ba Dixon amatchula kawirikawiri. Ine malo amenewo ndinawamva tsiku lomwelo.

Ndinapeza kumene awasunga, koma kuwaona akana. Ndinali kupereka chakudya pachipata masiku atatu pa sabata. Akalandira mbale ndinali kudziwa kuti ali moyo. Lachisanu lapitali anandibwezera mbale yodzaza, anati kuno kulibe munthu wotero. Ndinafunsa kuti apita nawo kuti. Anati choka. Ndinayenda mpaka kunyumba mbale ili m'manja, sindikumbuka njira imene ndinadzera.

Pali chinthu china. Ba Benard anabwera dzulo, ndipo ataona mmene tikhalira anandiuza chimene analumbira kuti sadzakamba. Ba Dixon maso akufa. Chinayamba chaka chatha. Mu Disembala anagunda chipilala cha geti ndi lole dzuwa lili pamutu. Kapitawo anawauza kuti ntchito idzatha kumapeto kwa Epulo. Ba Benard akuti ba Dixon anali kufuna kutitenga tonse kupita ku Nyasalande, koma anaopa kuti ndidzakana, chifukwa ndinakambapo kuti kumeneko sindingapondeko. Ndiye anapempha inu kuti mulembe dziko lanu bwinobwino, adzandiwerengere pa Pasaka.

Manje ndakumbuka. M'kwaya anali kugwira buku koma osaliyang'ana. Ulusi anali kupatsa Christine kuti awalowetsere m'singano. Ine ndinali kuona ngati ndi ulesi.

Choncho mlandu wa ndale alibe. Koma ndani adzamva mkazi wa ku Kalingalinga? Amene anajambula mapu ndinu. Amalume anga ku Petauke atuma mawu kuti nditenge ana ndibwerere kwathu, za Munyasa ndiiwale. Sindinawayankhe.

Sophia


Chiradzulu
10 Meyi 1959

Alamu, amake Christine,

Moni kwa inu ndi ana. Sindinamwalire. Chimene ndachita ndi choipa kuposa chimene mukuganiza, ndipo ndikuuzani mosabisa.

Kalata yanu yoyamba inafika pa 2 Epulo. Ndinaiwerenga ndili chiimire kuseri kwa kalasi, ndinaipinda n'kuilowetsa m'thumba la ufa wa choko. Ndinaopa kuyankha. Ndinkaganiza kuti kalata iliyonse yopita ku Lusaka idzakumbutsa apolisi kuti wojambula mapu uja akadali pa ufulu. Ndinadziuza kuti Dixon mwina analowadi za ndale, ndipo mlandu ndi wake. Galimoto ikamveka kumsewu ndinkasiya kulemba pabolodi, ana n'kumandiyang'ana. Tsiku lina kunabwera munthu wachilendo kudzafunsa kwa wophika wa mishoni ngati pano pali mphunzitsi wa dzina lathu. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikupita kusukulu nditavala malaya awiri, kuti akanditenga ndisakazizidwe.

Kalata yanu yachiwiri yafika Lachinayi. Ndinaona ndi maso anga kuti zilembo za mng'ono wanga zakula, ndinangonenapo ngati nthabwala, osaganiza kanthu. Iye anandipempha dziko loti akasonyeze mkazi wake, ine n'kumuyesa wa chipani. Mawu aja akuti chimanga chapsa anali a mantha anga okha, ndipo ndi amene amuthira mafuta pamoto.

Funso limene anakufunsani ku ofesi, yankho lake ndi ili: mwamuna wanu bambo ake ndi Mlomwe, mayi ake ndi Mmang'anja. Ana anu adziwe.

Mawa Lolemba ndikupita ku boma ndekha. Nditenga buku la ana la Sitandade 5 limene muli mapu omwewo, kalata ya Dixon ya mu Januwale, ndi makalata anu awiri. Ndikanena kuti dzanja ndi langa, ndipo ndikapempha kuti alembere a ku Lusaka kuti dokotala amuyeze maso. Mkulu wa sukulu, mzungu wa mishoni, wavomera kulemba kuti amandidziwa zaka makumi awiri, koma wakana kundiperekeza. Magdalene wagwira chitseko kuti ndisapite. Ine ndikuopa, koma ndipita.

Musapite ku Petauke musanamve kwa ife.

Mlamu wanu,
Hosea


Chiradzulu
24 Meyi 1959

Amake Christine,

Moni. Ndine Magdalene, mkazi wa a Hosea. Kaya ana ali bwanji kumeneko?

Amuna anga anapita ku boma pa 11 Meyi ndipo sanabwere. Lero ndi tsiku lakhumi ndi chinayi. Njinga yawo anabweretsa ndi mesenjala, atamangirira chipewa chawo pa chishalo. Ndinamufunsa kuti eni ake ali kuti. Anati, "Mayi, ine andituma njinga yokha."

Ndapita ku boma katatu ndi mwendo wanga wotupawu. Akuti anawatumiza ku Zomba kukafunsidwa. Ena akuti amene apita ku Zomba amawapititsa ku Southern Rhodesia ndipo sabwera chaka chino. Nyumba imene tikukhala ndi ya sukulu. Dzulo mkulu wa sukulu anabwera kudzayang'ana denga ndi mazenera.

Ndisakunamizeni, masiku oyamba ndinakukwiyirani. Ndinati mkazi amene sitinamuonepo wanditengera mwamuna ndi makalata ake. Kenaka ndinapeza pepala limene a Hosea anakoperapo mawu anu, a mbale imene anakubwezerani pachipata. Lachitatu nanenso anandibwezera yanga. Tsopano mkwiyo uja wandithera.

Ngati mwamva chilichonse cha a Dixon, chabwino kapena choipa, mundiuze, chifukwa kumene kuli mmodzi ndi kumene kukuyendera mlandu wa mnzake. Ine ndikamva kanthu ndilemba tsiku lomwelo. Polemba musatchule boma, mungonena za ana ndi za matenda.

Ndine mnzanu,
Magdalene


Chiradzulu
21 Juni 1959

Sophia mkazi wanga,

Moni kwa iwe, Christine ndi Nason. Ndine Dixon. Dzanja ndi la achimwene Hosea, mawu ndi anga. Ndili moyo, ndili kwathu.

Tsiku limene anakubwezera mbale anandisamutsira ku ndende ina kunja kwa tauni. Kumeneko ankandiika mapu patsogolo n'kunena kuti ndiwerenge mayina ndi kuloza mlatho umene tinafuna kuyambira. Ndinkati sindikuona. Iwo ankati ndikuchita mwano. Za masiku amenewo ndidzakuuza pang'ono, zina sindidzakuuza. Kumapeto kwa Meyi kunabwera pepala lochokera ku Zomba, ndipo ananditengera kwa dokotala. Anandiunika ndi katochi n'kuuza wondilondera kuti, "Munthu uyu sangawerenge ngakhale dzina lake." Diso lamanzere lapita. Lamanja likuona ngati munthu ali m'utsi.

Mlandu sanandipeze nawo, komabe anandipatsa pepala londiletsa kukhala mu Northern Rhodesia. Ndinapempha kuti ndidzere ku Matero ndikatsanzike. Anati ku Matero ulibe nyumba. Anatikweza lole anthu asanu ndi mmodzi mpaka pa malire. Kuti muli ku Kalingalinga ndamvera kuno.

Achimwene anawasunga masiku makumi awiri ndi atatu. Anawajambulitsa mapu aja katatu kuti aone ngati dzanja ndi lomwelo. Anawafunsa chifukwa chimene anaikira mitanda pa maboma. Iwo anati m'buku la ana maboma ndi madontho ofiira, ndipo inki yofiira inawathera. Atuluka, koma ntchito ya uphunzitsi awaimitsa, ndipo tonse tili m'nyumba yakale ya malemu amayi. Aonda. Akulemba izi akundiuza kuti ndisanene, koma ndanena.

Ndinakulakwira pokubisira za maso. Ndinkaopa kuti ukadziwa kuti ndikhala wakhungu, ndiponso kuti ndikufuna kukutengera kudziko lachilendo, udzatenga ana n'kupita kwa amalume ako. Ndinafuna ndiyambe ndakukometsera dzikolo. Tsopano ndilibe chokometsera. Kuno asilikali akadali m'misewu. Munda ndi waung'ono, ndipo ndi wa alongo athu. Lole sindidzayendetsanso. Ine kubwera uko sindingathe, akandipeza andimanga. Ukasankha Petauke sindidzakutemberera, koma undiuze ndi pakamwa pako, ndisamvere kwa anthu.

Christine asawerenge kalata iyi.

Mwamuna wako,
Dixon


Kalingalinga, Lusaka
5 Julayi 1959

Atate ake a Christine,

Moni kwa inu, ba mulamu ba Hosea ndi ba Magdalene. Kalata yafika Lachisanu. Christine ndi amene anaitenga kwa ba Anna, ndipo anawerenga yonse asanandipatse. Sanadye tsiku limenelo.

Ndakwiya nanu, ndipo mkwiyo umenewu ndibwera nawo, tidzakambirana kumeneko. Munandiyesa munthu wothawa mwamuna wodwala.

Amalume anabwera okha sabata yatha kudzatitenga. Anakhala masiku awiri. Anati ku Nyasalande kuli nkhondo, ndilibe m'bale, ndipo ana ndi a mtundu wathu. Vonse vimene anakamba ndi voona. Ndinawaperekeza ku basi, anakwera osandiyang'ana.

Ndikuopa. Sindinapitepo kupyola Fort Jameson. Akuti pa malire amasecha akazi mpaka m'mipango, choncho makalata anu onse ndaotcha, ndipo iyi ndi yomaliza. Ndagulitsa bedi ndi tebulo. Makina osokera ndabwera nawo ku Kalingalinga ndipo ndipita nawo, ndi amene adzatidyetsa. Tinyamuka Lachinayi pa 16. Ba Benard akuti tikagona panjira, ku Fort Jameson ndi ku Lilongwe, tidzafika ku Limbe Lamulungu masana. Tikapanda kufika, mudikire basi ya Lolemba musanayambe kuda nkhawa.

Ba Hosea sandidziwa nkhope, inu simudzandiona patali. Ndidzavala diresi lobiriwira, Christine adzanyamula ketulo. Inu muimirire pamalo amodzi, kutali ndi msewu, ba Hosea akugwireni mkono. Ife ndi amene tidzakupezani.

Ine mkazi wanu,
Sophia